Mmene mungasinthire madzi a m'thanki ya nsomba ngati a pampopi akusiyana ndi a m'thankimo

Nsomba zambiri za m'thanki yagalasi sizifa tsiku limene madzi ada. Zimafa tsiku limene mwini wake waganiza zozichitira chifundo. Wachotsa madzi akale, wathira atsopano oyera mbee ochokera pampopi, ndiye ola lisanathe nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa yasa, makha akugunda mofulumira. Ine zinandionekerapo. Thanki inali itatha miyezi itatu osasinthidwa madzi, ndipo tsiku lina chikumbumtima chitandivuta ndinachotsa oposa theka nthawi imodzi. Kutacha ndinavuula ma neon tetra, tinsomba tating'ono ta m'thanki, 7 atafa mwa 12 amene ndinali nawo. Madzi amene ndinathirawo sanali oipa ayi, munthu akanamwa bwinobwino. Vuto linali lakuti anali osiyana kwambiri ndi amene nsombazo zinazolowera, ndipo ndinazipatsa kusiyana konseko m'mphindi 10.

Nsomba ya m'madzi opanda mchere imakhala ikulimbana ndi madzi nthawi zonse. Madzi amalowa okha m'thupi mwake kudzera m'makha, ziwalo zake zopumira zija, ndipo iyo imawatulutsa pokodza kwinaku ikukoka timchere tochepa timene tili m'madzimo. Thupi lake limazolowera mlingo umene lapeza. Mlingowo ukasintha pang'onopang'ono, nsomba imasintha nawo. Ukasintha mwadzidzidzi, ndi pamene zimavuta. Choncho ntchito yonse imene ndikufotokoza pano ndi yochepetsa kudzidzimutsako.

Poyamba dziwani madzi a pampopi panu

Musanakhudze thanki, yezani madzi a pampopi. Tsegulani mpopi, madzi atuluke kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti amene anagona m'mapaipi achoke, kenako tungani m'makapu awiri oyera, osatsukidwa ndi sopo. Kapu yoyamba yezani nthawi yomweyo. Yachiwiri isiyeni yosavundikira mpaka mawa, maola 24, ndipo ngati muli ndi kapampu ka mpweya ikanimo kuti madzi aziwinduka.

Chifukwa chake n'chakuti pH ya madzi ongotuluka kumene pampopi imanama (pH ndi muyeso wa asidi: nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka). M'mapaipi madzi amakhala opanikizika, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi wochuluka, umene umatsitsa pH. Mpweyawo ukauluka, pH imakwera. Madzi amene anaonetsa 7.0 lero angathe kuonetsa 7.8 mawa. Kwina zimachitika motembenuza: madzi amatuluka ndi pH yokwera chifukwa okonza madzi anathiramo laimu kapena mankhwala ena oteteza mapaipi ku dzimbiri, ndiye akakhala panja amakoka kaboni dayokisaidi wa mumlengalenga n'kutsika. Nambala ya kapu yachiwiri ndiyo yeniyeni, ndiyo imene madziwo adzakhale nayo akakhazikika m'thanki.

Zoyeza zake ndi izi: pH, KH ndi GH (ziwirizi ndizifotokoza kutsogoloku), amoniya ndi naitireti (zimene m'thanki zimachokera ku nyansi za nsomba), ndi kolorini. Zoyezera zamadontho zimanena zoona kuposa timapepala toviika, ngakhale timapepalato n'tabwino kuposa kungoganizira. Mukatha, yezani zomwezo m'madzi a m'thanki, ndipo lembani manambala onse m'mizere iwiri yoyandikana. Chimene mukufuna kuona si nambala yabwino kapena yoipa, koma mpata umene uli pakati pa mizere iwiriyo.

Kolorini, ndi mnzake wosauluka

Wakupha msanga ndi kolorini. Kolorini amathiridwa m'madzi akumwa kuti aphe tizilombo toyambitsa matenda, ndipo mlingo umene munthu saumva n'komwe umawotcha makha a nsomba. Amaphanso mabakiteriya abwino a mufyuluta, amene amasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amene nayenso ndi waululu, kenako naitireti, amene ndi wofatsirapo.

Akale ankati ingotungani madzi, agone usiku, kolorini auluka. Zimenezo n'zoona ngati ali kolorini yekha: tsiku limodzi kapena awiri m'chidebe chosavundikira, makamaka chokhala ndi pampu ya mpweya, amatha. Koma m'mizinda yambiri masiku ano amagwiritsa ntchito koloramini, amene ndi kolorini womangidwa pamodzi ndi amoniya. Anamusankha dala chifukwa sauluka msanga, amafika kumapeto kwa mapaipi akadali ndi mphamvu. Ameneyu mukhoza kumugoneka masiku angapo, adzakhala alipobe. Kuti mudziwe amene muli naye, funsani amene amakutumizirani madzi, kapena yezani kolorini yense ndi kolorini womasuka: ngati yenseyo ali wochuluka kuposa womasuka, mpatawo ndi koloramini. Njira ina yosavuta ndi kuthira mankhwala ochotsa kolorini m'kapu ya madzi a pampopi n'kuyeza amoniya. Akaoneka, ndiye kuti mwina ndi koloramini amene wamasuka.

Ine ndimangoti thirani mankhwala nthawi zonse, musadalire kugoneka. Koma werengani botolo. Mankhwala osavuta a sodium thiosulfate amathana ndi kolorini, ndipo akakumana ndi koloramini amadula mfundo ija n'kusiya amoniya ali yekha m'madzi. M'thanki yakale yokhala ndi fyuluta yamphamvu, mukasintha madzi ochepa, mabakiteriya amamudya amoniyayo mosavuta. M'thanki yatsopano, kapena ya pH yokwera, sankhani mankhwala olembedwa kuti amagwiranso amoniya. Mukamakonzera madzi m'ndowa, yezani mankhwala molingana ndi malita a m'ndowamo. Mukamathira ndi paipi kuchokera pampopi mpaka m'thanki, yezani molingana ndi malita a thanki yonse, ndipo muyambe mankhwala, madzi pambuyo. Osangokhuthula mwachisawawa poti n'ngabwino: akachuluka kwambiri amachepetsa okosijeni m'madzi.

Kutentha

Apa sipafunika zambiri. Nsomba zambiri za kumadera otentha zimasungidwa pa madigiri 24 mpaka 27. Madzi atsopano asasiyane ndi a m'thanki kuposa digiri imodzi kapena awiri. Gwiritsani themomita imodzi yomweyo poyeza mbali zonse ziwiri, chifukwa ma themomita awiri sagwirizana kawirikawiri, ndipo dzanja limanama. Ngati nyumba ili ndi mapaipi akale a kopa kapena thanki yotenthetsera madzi yakale, pewani mpopi wa madzi otentha. Kopa amasungunuka kwambiri m'madzi otentha amene agona, ndipo nkhono ndi ma shrimp zimafa naye msanga. Ndi bwino kutunga ozizira n'kuikamo hita yapadera m'chidebe.

Mukathira madzi ozizira ongotuluka pampopi n'kuona timathovu ting'onoting'ono titamata pagalasi ponse, pamasamba, ngakhale pazipsepse za nsomba, umenewo ndi mpweya umene unapanikizidwa m'madzi ukutuluka. Ukachuluka umatha kupanga timathovu m'thupi mwa nsomba momwe. Kugoneka madzi, kapena kuwathira mowaza kuchokera m'ndowa ina kupita m'inzake kangapo, kumathetsa zimenezi.

Pamene pagona nkhani: KH, GH ndi pH

Anthu ambiri amayang'ana pH yokha, koma pH ili ngati mchira, mutu wake ndi KH. KH ndi muyeso wa ma kaboneti amene ali m'madzi, ndipo ntchito yawo ndi kumeza asidi kuti pH isagwedezeke. GH ndi muyeso wa kashiamu ndi maginiziyamu, zimene zimachititsa madzi kukhala olimba, aja osachita thovu la sopo ndi osiya zoyera m'ketulo. Zonse ziwiri zimawerengedwa m'madigiri (osati a kutentha aja), ndipo digiri imodzi ndi pafupifupi 17.9 ppm, kutanthauza mamiligalamu 17.9 pa lita. Pomwe pH imawerengedwa mwa mtundu wina: kuchoka pa 7 kufika pa 6 si sitepe imodzi, ndi asidi wochuluka ka 10. Kuchoka pa 8 kufika pa 6 ndi ka 100.

N'chifukwa chiyani madzi a m'thanki amasiyana ndi a pampopi pomwe anachokera pampopi womwewo? Chifukwa thanki ndi yamoyo. Mabakiteriya akamasandutsa amoniya amatulutsa asidi, ndipo asidiyo amadya KH tsiku ndi tsiku. Chikuni chokongoletsera, masamba ouma ndi dothi lina lodzalira zomera zimatsitsanso pH. Mbali inayi, miyala ya laimu, zigoba za nkhono ndi mchenga wa korali zimasungunuka n'kukweza KH ndi GH. Ngati mukukayikira mwala, utulutseni, uume, mudonthezepo viniga: ukachita thovu, ndi wa laimu. Palinso madzi amene amauma. Madzi akauluka mchere umatsala, ndiye munthu amene amangowonjezera a pampopi osachotsako akale, GH yake imakwera mwezi ndi mwezi iye osadziwa.

Tsono yang'anani mizere yanu iwiri ija. Ngati pH ikusiyana ndi 0.3 kapena kucheperapo, ndipo KH ndi GH zikusiyana ndi madigiri awiri kapena atatu okha, mulibe vuto. Sinthani 25 peresenti pa sabata, ngakhale kuposerapo. Ngati mpata uli waukulu, chepetsani madzi osintha, muchulukitse maulendo. Masamu ake ndi osavuta pa GH ndi KH chifukwa zimasakanikirana molunjika. Tinene kuti thanki ili pa GH 6, mpopi uli pa 14. Mukasintha theka, thanki ilumpha kufika pa 10 nthawi imodzi. Mukasintha 25 peresenti ifika pa 8. Mukasintha 10 peresenti ifika pa 6.8, nsomba sizimva n'komwe. Bwerezani 10 peresentiyo pakapita masiku awiri kapena atatu alionse, ndipo pakutha pa masabata angapo thanki idzakhala itayandikira mpopi yokha. Ikatero mwapulumuka, chifukwa tsiku la ngozi mukhoza kusintha madzi ambiri popanda mantha. Pa pH masamu amenewa sagwira: madzi a KH yambiri ndi amene amakokera pH kumbali yawo, choncho yesani kaye m'kapu, magawo atatu a m'thanki ndi gawo limodzi la pampopi, muone nambala imene ituluke. Lamulo langa n'lakuti pH ya m'thanki isasunthe kuposa 0.2 kapena 0.3 pa tsiku. Ndipo samalani kwambiri pochoka ku madzi olimba kupita ku ofewa, chifukwa mbali imeneyo ndi imene imavuta nsomba kuposa inayo.

Ndibwerere ku ma neon tetra anga aja, chifukwa chimene chinachitika n'chofala. Thanki ikatha miyezi osasinthidwa, KH imatha, pH imagwa mpaka 6 kapena kutsikirapo, naitireti amaunjikana. Pa pH yotsika choncho mabakiteriya amachita ulesi, ndiye amoniya amayamba kuchuluka. Koma nsomba sizifa, chifukwa m'madzi a asidi amoniya amakhala mu mtundu wake wofatsa wotchedwa amoniyamu. Pa madigiri 25, pH ikakhala 7, amoniya waululu sakwana 1 peresenti ya yense. Pa pH 8 amapitirira 5 peresenti. Ndiye inu mwabwera ndi ndowa zanu za madzi a pH 8, mwakweza pH ya thanki yonse, ndipo amoniya amene anagona uja wadzuka. Onjezanipo kudzidzimuka kwa mchere, basi nsomba zatha. Thanki yotayiriridwa imafuna 10 peresenti pa tsiku kwa sabata imodzi kapena awiri, ndi mankhwala ogwira amoniya, ndi chakudya chochepa. Kuthamanga sikufika.

Kodi ndisinthe madzi a pampopiwo kuti afanane ndi zimene nsomba zimafuna?

Nthawi zambiri yankho langa ndi ayi. Mabotolo otsitsa kapena kukweza pH ndi amene asautsa anthu ambiri. Mukathira asidi m'madzi a KH yokwera, pH imatsika madzulo, kutacha yabwerera pomwe inali, ndipo nsomba zakwera ndi kutsika phiri kawiri pachabe. Nsomba zambiri zogulitsidwa zinabadwira m'mathanki ndi m'maiwe oswetsera, ndipo zimakhala bwino pa pH iliyonse yokhazikika pakati pa 6.5 ndi 8. Chanzeru ndi kusankha nsomba zogwirizana ndi mpopi wanu. Madzi olimba amakondedwa ndi ma guppy, ma molly, ma platy, ndiponso mbuna za m'nyanja ya Malawi ndi nsomba za m'nyanja ya Tanganyika, kumene pH imakhala cha m'ma 8 kapena kuposa. Madzi ofewa ndi a ma tetra, ma discus ndi zina za ku Amazon. Mtsinje wa Rio Negro wa kumeneko uli ndi madzi akuda ngati tiyi, a pH yosafika 6.

Koma zilipo nthawi zimene simungachitire mwina. Ngati madzi a pampopi ali ofewa kwambiri, KH yosafika madigiri 3, pH ikhoza kugwa mwadzidzidzi pakati pa sabata. Ikani kathumba ka korali wophwanya mufyuluta, kamasungunuka kokha asidi akachuluka. Soda wophikira amagwiranso ntchito: magalamu 3 pa malita 100 amakweza KH ndi pafupifupi digiri imodzi, koma sakhudza GH. Musungunulireni m'madzi atsopano, osati kumwaza m'thanki, ndipo mlingo ukhale womwewo ulendo uliwonse. Ngati madzi ali olimba kwambiri kwa nsomba zimene mukufuna kuswetsa, njira yoona ndi kuwasakaniza ndi madzi osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis), amene amachotsa mchere m'madzi. Theka ndi theka limadula GH ndi KH pakati. Madzi a RO okhaokha musawathire, nsomba zimafuna timchere tina. Chenjeraninso ndi makina ofewetsa madzi a m'nyumba ogwiritsa ntchito mchere: amachotsa kashiamu n'kuikapo sodiyamu, ndiye GH imaoneka yotsika koma KH ili pomwepo. Tungani madzi asanalowe m'makinawo.

Naitireti naye nthawi zina amabwera ndi mpopi, makamaka kumene madzi amachokera kufupi ndi minda yothiridwa feteleza. Bungwe la World Health Organization limaika malire a madzi akumwa pa mamiligalamu 50 pa lita, kutanthauza kuti madzi abwino kwa munthu angathe kukhala ndi naitireti woposa amene mukufuna m'thanki. Ngati thanki ili pa 40 ndipo mpopi uli pa 0, kusintha 25 peresenti kumatsitsa kufika pa 30. Ngati mpopi uli pa 20, mungofika pa 35, ndipo simudzatsika kupitirira 20 ngakhale musinthe kangati. Apo thandizo ndi zomera zokula msanga, nsomba zochepa, kapena kusakaniza ndi RO.

Tsiku losintha

Dzulo lake tungani madzi m'chidebe chimene ntchito yake ndi imeneyi yokha, chimene sichinaonepo sopo kapena mankhwala ochapira. Thiranimo mankhwala a kolorini, soda kapena RO ngati mumatero, ikanimo hita ndi kapampu ka mpweya, agone. M'mawa yezani kutentha ndi pH mbali zonse ziwiri.

Zimitsani hita ya m'thanki ndipo muidikire mphindi 10 izizire, chifukwa yagalasi ikatuluka m'madzi ili yotentha imasweka. Zimitsaninso fyuluta ngati madzi atsike kupitirira pokokera pake. Nsomba zisiyeni momwemo, kuzivuula kumangozizunza. Kokani madzi akale ndi paipi yokokera, mukuilowetsa m'timiyala ta pansi kuti nyansi zituluke, koma m'thanki imene yakhalitsa osatsukidwa musavundule pansi ponse tsiku limodzi, chitani mbali imodzi lero, ina sabata yamawa. Siponji ya mufyuluta ikhale yofinyira m'madzi akale amene mwachotsawo, osati pampopi. Kuda kwakeko si uve wokha, ndi mudzi wa mabakiteriya anu.

Kenako kuthira. Mpata ukakhala waung'ono, thirani ndi jagi pamwamba pa mbale kapena pa dzanja lanu kuti mchenga usavunduke. Ukakhala waukulu, ikani chidebe pamalo okwera kuposa thanki, tengani kapaipi kakang'ono ka mpweya kaja, mumange mfundo yosalimba pakati, madzi azitsika ngati ulusi. Malita 20 atha kutenga ola lathunthu kapena kuposa. Zilibe kanthu, pitani mukachite zina, bola mwaonetsetsa kuti madzi a m'chidebe sangasefukize thanki. Mukatha yatsani fyuluta ndi hita. Kuiwala kuyatsa hita n'kosavuta. Ine ndimaika pulagi yake pamwamba pa chivundikiro kuti ndisatseke ndisanaione.

Mukatero khalani pansi muziyang'ane kwa theka la ola. Nsomba zosangalala zimayendayenda, zina zimayamba kuthamangitsana. Zizindikiro zoipa ndi kupuma mofulumira, kuunjikana pamwamba, kupinda zipsepse, kudzikhula pamiyala, kuthamanga mobalalika kapena kugona pansi phee. Mukaona zimenezi, choyamba ganizirani kolorini: thiraninso mankhwala a mlingo wa thanki yonse, wonjezerani mpweya, zimitsani nyali, musadyetse. Kenako yezani amoniya, naitiraiti ndi pH. Musathamangire kusinthanso madzi ambiri musanadziwe chimene chavuta, mwina n'kuwonjezera chomwecho chimene chazipweteka.

Mpopi nawo umasintha

Manambala amene munalemba aja si a muyaya. Mvula yambiri ikagwa madzi a m'mitsinje ndi m'madamu amafewa, ndipo okonza madzi nthawi zina amawonjezera kolorini. Chilimwe chikatalika madzi amalimba, kapena amayamba kusakaniza ndi a m'zitsime zakuya. Mapaipi akakonzedwa kapena madzi akabwera atasowa, oyambirira amatuluka ofiira, a fungo lamphamvu. Tsiku limenelo si losinthira madzi. Dikirani masiku awiri. Fungo la kolorini likakhala lamphamvu kuposa masiku onse, kapena madzi akaoneka oyera ngati mkaka osayera msanga m'kapu, yezani kaye. Kachipangizo koyezera TDS, kuchuluka kwa zonse zosungunuka m'madzi, kamathandiza apa: sikakuuzani chimene chili m'madzi, koma m'masekondi ochepa kamakuuzani ngati madzi a lero akusiyana ndi a sabata yatha. Nambala ikalumpha, tulutsani zoyezera zamadontho. Popanda chachilendo, kuyeza mpopi kamodzi pa mwezi n'kokwanira.

Posamuka nyumba ndiye kusiyana kumakula kwambiri, ngakhale mutangosamukira tsidya lina la mzinda womwewo, chifukwa madzi angachokere ku gwero lina. Nyamulani madzi akale ochuluka mmene mungathere m'zigubu zoyera, theka la thanki ngati n'kotheka, ndipo siponji ya fyuluta iyende ili yonyowa m'madzi omwewo. Mukafika, yezani mpopi watsopano musanathire kalikonse. Thanki ikhoza kuyamba ili yosadzaza, bola fyuluta ndi hita zamira, ndiye muziwonjezera madzi atsopano pang'ono tsiku lililonse mpaka itadzaza, kenako n'kuyamba 10 peresenti ija.